Musanaitanitse chakudya pafoni, ifufuzeni kampani yobweretsa

Ndinagwirako ntchito m'khitchini momwe chakudya chambiri chinkatuluka m'zikwama za anyamata a njinga zamoto, ndiye ndikunena zomwe ndinaziona. Kampani yomwe mumaitanitsira chakudya pafoni si mtengatenga chabe. Ndiyo imasankha malo ophikira oti aonekere pafoni panu. Inu khitchiniyo simudzaiona, koma iyo ili ndi mphamvu yofunsa ziphaso ndi kuchotsa wophika wauve.

Choyamba funani chiphaso. Ku China, lamulo la 2015 loona za chitetezo cha chakudya limakakamiza makampani ogulitsira zakudya pa intaneti kulemba maina enieni a ogulitsa ndi kuona ziphaso zawo. Ku Britain, malo odyera ambiri amapatsidwa malikisi a ukhondo kuyambira 0 mpaka 5, ndipo mu 2019 kampani yoitanitsira chakudya ya Just Eat inayamba kuonetsa malikisiwo, n'kuchotsa malo omwe anapeza 0. Choncho mukatsegula tsamba la lesitilanti, musathamangire zithunzi. Onani ngati pali nambala ya chiphaso, malikisi a ukhondo ndi adiresi yeniyeni. Nyenyezi zomwe makasitomala amapereka zimangonena za kukoma ndi changu, sizinena ngati nyama yaiwisi imadulidwa pathabwa limodzi ndi masamba.

Chakudya chikafika, musamulole wobweretsayo kuti apite musanachiyang'ane. Pepala lomata pakamwa pa phukusi likhale losang'ambika. Khudzani bokosilo ndi dzanja. Chotentha chizikhala chotenthadi, chozizira chizikhala chozizira. Apa ndi pomwe ndimadandaula kwambiri, chifukwa wophika akhoza kuchita zonse bwino, chakudya n'kuonongekera panjira. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati majeremusi amaswana msanga pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndipo chakudya chophika chisakhale poyera kupitirira maola awiri. Tsono taganizirani mpunga ndi nkhuku zomwe zadikira pashelefu, kenako n'kuzungulira nyumba zingapo chifukwa kampani yamusenzetsa mnyamata mmodzi maoda ambiri. Mlandu si wa mnyamatayo ayi. Amene amagawa maulendo ndi kupereka zikwama zosunga kutentha ndi kampani. Ine ndimasuzumira ngakhale m'chikwamamo akachitsegula: ngati muli msuzi wouma wadzulo, ndimadziwa kuti palibe amene amachiyendera.

Chikafika chofunda pang'ono koma sichinachedwe, chitenthetseni mpaka chifuke nthunzi paliponse, m'kati momwe. Chikachedwa kwambiri, chikaneni. Fungo lisakunamizeni, chakudya chodwalitsa nthawi zambiri sichinunkha.

Ngati pakhomo pali wina amene thupi lake limadana ndi mtedza, mazira kapena mkaka, imbirani lesitilantiyo nokha. Uthenga wolembedwa pa oda sufika nthawi zonse kwa amene ali pamoto, makamaka madzulo maoda akachuluka.

Tsopano za kudandaula, zomwe ambiri amazinyalanyaza. Jambulani chakudyacho ndi phukusi lake, sungani nambala ya oda, lembani nthawi yomwe chinafika. Tumizani dandaulo kukampani yobweretsa, osati kulesitilanti kokha, chifukwa kampaniyo ndi yomwe ingaone ngati anthu angapo adandaula za khitchini imodzimodziyo. Akakubwezerani ndalama musakhutire pomwepo. Afunseni momveka kuti achitapo chiyani pa wophikayo. Wina akayamba kusanza kapena kutsegula m'mimba, apite kuchipatala, amwe madzi ambiri, ndipo mukanene ku ofesi ya zaumoyo ya m'dera lanu, popeza ndiyo ili ndi mphamvu yolowa m'khitchinimo ndi kuitseka. Chotsala cha chakudyacho chikulungeni bwino, muchiike m'firiji padera ndi zakudya zina, mwina oyendera angafune kuchiyeza.