Pulogalamu yahang'a koma ikuoneka ngati ikuyenda: mmene mungaikire watchdog pa systemd

Pulogalamu yoyenda kuseri pa Linux ikafa, imeneyo si nkhani yovuta, systemd, imene imayatsa ndi kuyang'anira mapulogalamu oterewa, imaona yokha kuti yafa ndipo ngati munaika Restart= imaidzutsa basi. Chovuta ndi pamene yangohang'a. Mukalemba systemctl status mukuona active yobiriwira bwinobwino pomwe ntchito inaima dzulo madzulo, mwina ikudikira yankho la modemu lomwe silidzabweranso.

Tiyerekeze muli ndi kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi ku East Bank, cha ku Makhanga kapena ku Muona, kakuwerenga sensa ya kuchuluka kwa madzi mumtsinje nkumatumiza pa intaneti. Nthawi imene mukukafuna kwambiri ndi ya dzinja, ndipo ndi nthawi yomweyonso misewu imaduka moti kukafikako mpaka bwato, amene anaona za namondwe Freddy mu 2023 akudziwa. Ndiye simunganene kuti ndipita ndikazimitse ndi kuyatsanso. Kamakinako kazidziyang'anira kokha.

Watchdog imagwira chonchi: mumagwirizana ndi systemd kuti pulogalamu izinena kuti ndilipo pakapita nthawi yakutiyakuti, ikangokhala chete kupyola pamenepo systemd imaipha poitumizira chizindikiro chotchedwa SIGABRT nkuiyambitsanso. Zili ngati mwana mwamutuma kudimba tsidya la Shire nkumuuza kuti uzindifulasha ola lililonse, akasiya kufulasha mumadziwa kuti kwachitika kanthu.

Fayilo ya service, tinene /etc/systemd/system/madzi.service, ikhale ndi izi:

[Service]
Type=notify
ExecStart=/usr/bin/python3 /opt/madzi/werenga.py
WatchdogSec=120
Restart=on-failure
RestartSec=10

Restart=on-failure imagwira zonse, kufa ndi kuhang'a komwe. Ilipo on-watchdog koma imeneyo imangodzutsa ikahang'a, ikafa yokha imaisiya, ndiye ine sindiona phindu lake. RestartSec=10 musaisiye chifukwa mukapanda kuika systemd imadzutsa pakangotha 100ms, ndipo pulogalamu ikayamba koposa ka 5 m'masekondi 10 systemd imatopa nayo nkuisiya ili failed, zomwe kumudzi kuja nchimodzimodzi kufa.

Mbali ya pulogalamu tsopano. Ikani python3-systemd ndi apt, pamwamba pa kodi lembani from systemd import daemon. Pulogalamu ikamaliza kukonzeka, yatsegula sensa ndi zina zonse, itumize daemon.notify("READY=1"). Mukaiwala zimenezi ndi Type=notify, systemctl start imangokhala phee kudikira masekondi 90 kenako nkunena kuti zalephera, inu nkumasakasaka vuto kwina. Pambuyo pake ndi daemon.notify("WATCHDOG=1") mobwerezabwereza, ndipo muzitumiza pa theka la nthawi ija, munaika 120 ndiye isapyole masekondi 60. Ngati simukufuna kulemba nambala pawiri, systemd imapatsa pulogalamu WATCHDOG_USEC, muwerenge pamenepo, kungoti ili mu ma microsecond.

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya, ndipo zina zonsezi nzachabe mukalakwitsa apa. Munthu amapanga ka thread kapadera, kagawo ka pulogalamu koyenda pakokha pambali, kongotumiza WATCHDOG=1 masekondi 30 aliwonse, kaya ntchito ikuyenda kaya ayi. Loop yeniyeni yowerenga sensa ikahang'a ka thread kaja kamapitirizabe kunena kuti zonse zili bwino, systemd nkumakhulupirira, ndiye mwangodzinamiza nokha. Uthenga uzichokera mkati mwa loop imene ikugwira ntchito, kumapeto kwake: yawerenga sensa, yasunga pa disiki, yayesa kutumiza, kenako WATCHDOG=1. Paliponse pakamata uthenga supita.

Koma taonani ndati yayesa kutumiza, sindinati yatumiza. Kuno netiweki itha kusowa tsiku lonse, ndipo mukamangirira watchdog pa kupambana kwa kutumiza pulogalamu izingophedwa mphindi ziwiri zilizonse pomwe ilibe mlandu, kuidzutsanso sikubweretsa netiweki. Chofunika ndi kuika timeout pa chilichonse chodikira, pa requests (laibulale ya Python yotumizira pa intaneti) ndi pa serial port, mwina masekondi 20, zikalephera isunge data ija idzatumize nthawi ina, loop ipitirire. Muwerengetsere kuti ma timeout onse mukawaphatikiza ndi nthawi yogona pakati pa ma loop asapyole theka la WatchdogSec, apo ayi muikweze kufika 300, palibe amene akukuthamangitsani.

Amene mumakonda bash, pali systemd-notify WATCHDOG=1 koma muwonjezere NotifyAccess=all mu fayilo ija, chifukwa uthengawo umachokera ku process ina osati yaikulu ndiye systemd imaukana.

Musananyamule kupita nako kumudzi yesani kaye kakadali pa tebulo. Lembani systemctl daemon-reload, kenako systemctl enable --now madzi, koma enable imafuna gawo la [Install] lokhala ndi WantedBy=multi-user.target. Ikayamba ihang'itseni dala ndi systemctl kill -s STOP madzi, tsegulani journalctl -u madzi -f nkudikira mphindi ziwiri zija. Muyenera kuona mzere wa Watchdog timeout kenako pulogalamu ikudzukanso. Mukapanda kuona, penapake pali cholakwika.

Nanga makina onse akauma, kernel (mtima wa Linux) yomwe, eti? Ndi kutentha kwa Okutobala ku Nsanje kapena ku Ngabu kopyola madigiri 40, kabokosi kali pansi pa malata, musadabwe zikachitika. Pamenepo systemd nayo yauma ndiye singathandize aliyense. Mpake Raspberry Pi ili ndi watchdog yake mu chip momwe. Tsegulani /etc/systemd/system.conf muike RuntimeWatchdogSec=14, kenako reboot. Kuyambira pamenepo systemd imagogoda pa /dev/watchdog, ikasiya kugogoda chip imazimitsa makina nkuyatsanso yokha. Pa Pi musapyole 15 chifukwa chip yake malire ake ndi pafupifupi masekondi 15.

Chomaliza, muziyang'ana systemctl show madzi -p NRestarts mukalowa pa makinawo. Nambala ikamakwera tsiku lililonse ndiye kuti watchdog ikungobisa vuto, mwina waya wa sensa wagwedera, mwina batire ya sola ikutha mphamvu usiku, kapena SD card yayamba kutopa.