Momwe mungaunikire sheya musanaigule pamene kwacha ikufooka

Pa msika wa masheya (magawo a umwini wa kampani) wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre pali makampani osakwana 20, koma maganizo a anthu pa makampaniwa ndi ankhaninkhani. Wina akuuzani kuti mabanki ndiwo pothawira, wina kuti Illovo singagwe chifukwa anthu sadzasiya kuthira shuga mu tiyi. Maganizo oterewa muziwamvera ndithu, koma ndalama musatulutse musanawayese nokha. Zoyesera zake zili m'lipoti la pachaka ndi m'zotsatira za theka la chaka, zomwe kampani iliyonse ya pamsikawu imayenera kusindikiza.

Yambani ndi muyeso

Musanayang'ane kampani iliyonse, lembani manambala awiri: mlingo wa kukwera kwa mitengo ya zinthu, womwe amalengeza a National Statistical Office mwezi ndi mwezi, ndi chiwongoladzanja cha Treasury bill (chikalata chomwe mumagula pobwereketsa boma ndalama) ya masiku 364. Mu 2024 mitengo inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti, ndipo Reserve Bank of Malawi inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti.

Tiyerekeze kuti mwagula masheya a K1,000,000. Pakutha chaka mtengo wake wafika K1,200,000, ndipo mwalandira dividendi (gawo la phindu lomwe kampani imagawira eni masheya) ya K30,000. Akadula msonkho wa 10 peresenti pa dividendiyo mutsala ndi K27,000, zonse pamodzi K1,227,000. Ngati mitengo yakwera ndi 30 peresenti, mumafunika K1,300,000 kuti mugule zomwe K1,000,000 inkagula chaka chatha. Mwaluza K73,000, ngakhale pepala la buloka, yemwe amakugulirani ndi kukugulitsirani masheya, likuonetsa phindu. Munthu akakutamirani sheya, funso loyamba likhale lakuti ikuposa manambala awiri aja kapena ayi.

Ngongole yake ili m'ndalama yanji?

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, choncho musafulumirepo. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola inachoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa pafupifupi K1,700. Kampani yomwe inali ndi ngongole ya madola 10 miliyoni inagona ili ndi ngongole ya K11.8 biliyoni n'kudzuka ili ndi ya K17 biliyoni. Kusiyana kwa K5.2 biliyoniko kumalembedwa ngati ndalama zotayika, ngakhale makasitomala sanachepe ndi mmodzi yemwe. Ndi zomwe zinachitikira Airtel Malawi mu 2023: malonda anakwera, koma chaka chinatha kampani italuza chifukwa cha ngongole za m'ndalama zakunja.

Tsegulani lipoti la pachaka chakumapeto, pomwe amafotokoza manambala mwatsatanetsatane, mupeze gawo lotchedwa "foreign currency risk". Pamenepo amaonetsa chuma ndi ngongole za kampani m'madola, m'marandi ndi m'mayuro. Chotsani chuma pa ngongole. Zotsalazo zichulukitseni ndi 0.3, ngati kuti dola yakweranso ndi 30 peresenti, ndipo yankholo muliyerekeze ndi phindu la chaka chatha. Ngati likudya theka la phindu kapena kuposa, dividendi ya chaka chimenecho musaidalire.

Onaninso ndalama zomwe kampani ikuyenera kulipira makampani akunja ogulitsa zipangizo, kapena kampani yaikulu yomwe ndi mwini wake. Ndalama zakunja zikamasowa m'mabanki, kampani imatha kukhala ndi makwacha ambiri koma osapeza madola olipirira, ndiye ngongoleyo imangounjikana kudikira kugwa kwina kwa kwacha.

Mbali inayo ndi ya makampani opeza ndalama kunja. FMB Capital Holdings ili ndi mabanki ku Malawi, Botswana, Mozambique, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo imawerengera chuma chake m'madola. Illovo imagulitsa gawo la shuga wake kunja. Oterewa kugwa kwa kwacha sikuwapweteka mofanana ndi anzawo, koma ali ndi zawo zoopsa. Minda ya nzimbe ya ku Nchalo ili ku Chigwa cha Shire komwe madzi amasefukira, monga zinakhalira ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023.

Phindu la banki likuchokera kuti?

Mabanki akhala akulengeza phindu lalikulu pamene mabizinesi ena akulira. Chifukwa chachikulu n'chakuti boma limabwereka kwambiri kwa iwo pa chiwongoladzanja chokwera. M'lipoti la banki, yerekezani ndalama zobwereketsa kwa makasitomala ndi zomwe yabwereketsa boma kudzera mu Treasury bills ndi Treasury notes. Ngati za boma ndizo zochuluka, phindu la banki imeneyo latsamira pa wobwereka mmodzi. Ku Ghana, boma litasintha malamulo obwezera ngongole zake za m'dziko kuyambira kumapeto kwa 2022, mabanki ambiri analuza chaka chimenecho. Sitikunena kuti musagule masheya a banki. Tikuti musaike ndalama zanu zonse mu National Bank, Standard Bank, FDH ndi NBS n'kumati mwazimwaza, pamene onsewa akumwa pa chitsime chimodzi. Dziwaninso kuti Press Corporation ndiyo ili ndi masheya ochuluka mu National Bank, ndipo NICO Holdings mu NBS Bank. Mukagula Press ndi NICO mwagulanso mabanki omwewo.

Onaninso gawo la ngongole zomwe sizikubwezedwa. Likamakwera zaka ziwiri zotsatizana pamene ndalama zomwe banki yapatula zokwirira ngongolezo sizikukwera, phindu lolengezedwalo ndi lonenepetsedwa.

Akuluakulu a kampani

Uthenga wa wapampando wa bodi umamveka bwino chaka chilichonse. Kuti muupime, tengani malipoti a zaka zitatu muwaike pamodzi. Zomwe analonjeza m'lipoti loyamba, fakitale yatsopano, kuchepetsa ngongole, kutsegula nthambi, zachitika pofika lachitatu? Bodi yomwe chaka ndi chaka imangoloza chala kusowa kwa ndalama zakunja ndi kuzimazima kwa magetsi, osanena chomwe yachitapo, ikukuuzani kuti ilibe njira. Mavutowo ndi enieni, koma opikisana nawo akukumana nawo omwewo.

Dziwani mwini wamkulu. Sunbird Tourism masheya ake ambiri ndi a boma, Airtel Malawi ndi ya Airtel Africa, Illovo ndi ya gulu la Associated British Foods. Mwini wamkulu ndiye amasankha bodi, ndipo zofuna zake sizilingana nthawi zonse ndi za inu wa masheya ochepa. Pitani pa gawo la "related party transactions" muone ndalama zomwe kampani imalipira mwini wakeyo pa upangiri, pa kugwiritsa ntchito dzina, kapena pa ngongole. Zikamakula msanga kuposa malonda, phindu likutuluka lisanafike pa dividendi.

Zizindikiro zina n'zosavuta kuona: malipiro a madailekitala kukwera pamene phindu likutsika, mkulu woona za chuma kusiya ntchito mwadzidzidzi zotsatira zisanatuluke, kuchedwa kusindikiza zotsatira, ndiponso owerengera ndalama ochokera kunja kwa kampani kulemba kuti akukayika ngati kampaniyo ipitirire kuyenda. Chomalizachi ndi cholemera kuposa zonse, ndipo chimapezeka pa masamba awiri kapena atatu a lipoti lawo omwe ambiri amangowadumpha. Ngakhale muli ndi masheya ochepa, muli ndi ufulu wopita ku msonkhano waukulu wa pachaka n'kukafunsa mafunso.

Mtengo wake

Kampani yabwino ikhoza kukhala yodula mopitirira. Gawani mtengo wa sheya ndi phindu la pa sheya imodzi kuti mupeze chomwe amati P/E. Sheya ya K100 yopeza K5 pachaka ili ndi P/E ya 20, kutanthauza kuti pa K100 yanu kampani ikupanga K5 yokha. Ngati Treasury bill ikupereka zoposa K20 pa K100, sheya imeneyo ndi yoyenera kugula pokhapokha phindu lake likukula mofulumira kuposa mitengo ya zinthu. Mu 2025 mitengo pa msikawu inakwera modabwitsa, mwa zina chifukwa makampani a penshoni ndi inshuwalansi ali ndi ndalama zambiri pamene masheya ogulitsidwa ndi ochepa. Mtengo wokwera motere sukutsimikizira kuti kampani yasintha. Tsatirani zidziwitso zotchedwa "trading statement": malamulo a msikawu amafuna kuti kampani ichenjeze anthu ikaona kuti phindu lake lisiyana ndi la nyengo yapitayo ndi 20 peresenti kapena kuposa.

Pogula penipeni

Mufunika akaunti ya CSD (yosungiramo masheya anu pakompyuta), yomwe amakutsegulirani buloka wovomerezeka monga Stockbrokers Malawi, Continental Capital kapena Cedar Capital. Tengani chitupa cha unzika, umboni wa komwe mukukhala ndi nambala ya akaunti ya kubanki komwe dividendi izilowera. Funsiranitu komishoni yonse ndi msonkho wa pogulitsa, chifukwa malamulo a msonkho amasintha ndi bajeti ya boma.

Muuzeni buloka mtengo womwe simukufuna kupitirira. Musanalamule, pemphani lipoti la malonda a sabata zinayi zapitazo muone kuchuluka kwa masheya a kampaniyo omwe anagulitsidwa. Masheya ena amatha masiku osagulidwa ndi munthu, ndipo tsiku lomwe mudzafune ndalama mwachangu mudzadikira, kapena mudzatsitsa mtengo. Pa chifukwa chimenechi ndalama ya fizi, ya feteleza kapena ya lendi isalowe m'masheya. Zomwe mwapatula muzigawe katatu kapena kanayi n'kumagula motalikitsa miyezi, makamaka zotsatira za theka la chaka zitangotuluka, pamene manambala omwe mukuwerengera ali atsopano.