Zida za kamera zikungogona m'kabati? Zigulitseni zisanachite chuku

Anzanga ojambula muno mu Lilongwe, tsegulani chikwama chija muone zomwe simunazigwire chaka chonse. Malenzi atatu, kamera yachiwiri, tripod yolemera (choimikapo kamera cha miyendo itatu), zonsezo zikungodikira kuwonongeka. Dzinja likafika chinyontho chimalowa m'kabati, ndipo lenzi yongokhala imachita chuku mkati mwa galasi, tiulusi toyera tonga ukonde wa kangaude. Zikatero mtengo wagwa basi. Iwunikeni ndi tochi ya foni lero lomwe. Ngati ili yoyera, igulitseni idakali yabwino.

Ine ndimati tsalani ndi kamera imodzi yaing'ono ya mirrorless (mtundu wopanda kalilole mkati) ndi lenzi ya 35mm. Imakwana m'kachikwama kapaphewa, mumakwera nayo kabaza kapena minibasi ya ku Area 25 popanda kuda nkhawa, ndipo mumsika waukulu anthu sakuyang'anitsitsani ngati mmene amachitira mukatulutsa chikamera chachikulu. Vuto lake n'lakuti imadya batire msanga kuposa DSLR (kamera yokulirapo yokhala ndi kalilole mkati), ndiye gulani batire lachiwiri, makamaka poti magetsi amazimazima. M'chikwamamo ponyanimonso timapaketi ta silica gel, tija timabwera m'bokosi la nsapato zatsopano.

Amene mumajambula maukwati ndi zinkhoswe musataye fulashi ndi lenzi imodzi ya zoom (yotha kukokera pafupi zinthu zakutali), m'holo mumakhala mdima.

Pogulitsa, kumanani ndi wogula masana pamalo a anthu ambiri. Chotsani memori khadi. Akati atumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, musakhulupirire uthenga wokha, yang'anani kaye balansi musanapereke katundu.