Kunyika Malaya Pamodzi ndi Ana Koyamba

Ntchito yomanga ndi kunyika malaya, imene ambiri amaitcha tayi ndi dayi, ana akhoza kuigwira bwino ngati munthu wamkulu waigawa moyenera. Ana apatsidwe kumanga ndi kuthira utoto, koma kusungunula mankhwala kukhale kwa akuluakulu okha.

Yambani ndi malayawo. Utoto umalowerera mu nsalu ya thonje, pamene nsalu ya poliyesita imaukana ndipo umachoka pa kuchapa koyamba. Mukapita pa kaunjika ku Chitakale, ku Limbuli kapena ku Luchenza, sankhani matisheti oyera ndipo muwerenge kansalu ka pakhosi kuti muone ngati palembedwa kuti 100% cotton. Achapeni ndi sopo musanayambe, chifukwa mafuta ndi litsiro zimatchinga utoto.

Pogula utoto m'pamene pafunika kusamala kwambiri. Anthu ambiri amene amanyika nsalu zogulitsa amagwiritsa ntchito utoto wofuna kositiki soda ndi mankhwala otchedwa hydrosulphite, koma kositiki amawotcha thupi ndipo akadonthera m'maso amawononga, choncho njira imeneyo si ya ana ngakhale pang'ono. Funsani utoto wa madzi ozizira wotchedwa fibre reactive, umene umagwira nsalu mothandizidwa ndi ufa woyera wotchedwa soda ash. Ameneyu ndi wosiyana ndi soda wothira m'therere, amene mphamvu yake ndi yochepa. Sungunulani kapu imodzi ya soda ash m'malita 4 a madzi ofunda, nyikanimo malaya kwa mphindi 20, kenako muwafinye mutavala magolovesi. Ufa wa utoto usungunulidwe ana ali patali kuti asaupume, ndipo muuthire m'mabotolo apulasitiki amene zitsekerero zake mwaziboola ndi msomali. Poyamba mitundu itatu ndi yokwanira: wofiira, wachikasu ndi wabuluu.

Sankhaninso tsiku lofunda. Kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo chiperoni chimatha kugwa masiku angapo otsatizana m'miyezi ya Juni ndi Julayi, ndipo kukazizira utotowu umachedwa kugwira, mitundu n'kutuluka yofuwa. Seputembala ndi Okutobala ndi miyezi yabwino. Gwirirani ntchitoyi panja, pamthunzi, mutayala pulasitiki, ana atavala zovala zakutha ndi magolovesi.

Zomangira sizifuna ndalama zambiri, pakuti chubu chakale cha njinga chikadulidwa timizeremizere chimapereka mphira zolimba, ndipo ulusi wa m'masaka nawo umathandiza. Mwana wamng'ono aike kamwala kapena nyemba mkati mwa nsalu n'kumanga mphira m'munsi mwake, ndipo pamenepo padzatuluka kabwalo koyera. Wokulirapo ayale malaya pansi, atsine pakati, n'kumapotokola mbali imodzi mpaka malaya onse atazungulira ngati nkhata, kenako amange mphira zitatu modutsanitsa. Munthu wamkulu ayang'ane mfundo iliyonse, chifukwa manja a ana samanga zolimba, ndipo pomangidwa mwalobodo utoto umalowa ponse, maluwa osaoneka.

Pothira utoto, ana amafunitsitsa kuika mitundu yonse pamalo amodzi, ndipo zotsatira zake ndi mtundu wa matope. Ndi bwino kuwaonetsa kaye pa kansalu kakang'ono kuti wachikasu ukakumana ndi wabuluu umabala wobiriwira, pamene wofiira ndi wabuluu umabala wapepo. Mwana aliyense asankhe mitundu iwiri, athire mbali imodzi, atembenuze, athirenso, akulowetsa kamwa la botolo m'mapindo a nsalu. Akasankha mitundu imene inu simukuikonda, musiyeni, malayawo adzavala ndi iye.

Chovuta kwambiri kwa ana ndi kudikira. Kulungani malaya aliwonse m'pulasitiki kuti asaume, lembanipo dzina la mwiniwake, ndipo muwasiye pamalo ofunda osachepera maola 8, ngakhale kuti kufikira mawa lake n'kwabwino koposa. Mukamasula msanga, utoto wambiri umapita ndi madzi. Tsukuluzani m'madzi ozizira mphira zisanachotsedwe, kenako mwana amasule yekha, ndipo mupitirize kutsukuluza mpaka madzi atayera. Chapani ndi sopo m'madzi otentha, yanikani pamthunzi, ndipo maulendo awiri kapena atatu oyamba muziwachapa paokha. Madzi a utoto musawataye mu Likhubula, mu Ruo kapena mu mtsinje uliwonse umene anthu amatungamo. Kumbani dzenje kutali ndi chitsime ndi dimba.

Utoto wogula ukasowa, masamba a tiyi amagwira ntchito, ndipo kwa ana aang'ono kwambiri ndiwo abwino. Wiritsani masamba ambiri mpaka madzi ade bii, aziziritseni, n'kunyikamo malaya omangidwa kale usiku wonse, popanda soda ash. Mtundu wake umakhala wakhaki ndipo umafuwa pang'onopang'ono pochapa, koma malayawo mukhoza kuwamanganso n'kuwanyika kachiwiri.