Ma reading akamavina mu lab, yambani apa

Anzanga a mu lab kuno ku Blantyre, kamzere ka oscilloscope (makina oonetsa mafunde a magetsi pa sikirini) kakamanjenjemera musathamangire kunena kuti makina afa ayi. Magetsi athu ndi a 50 Hz (funde lake limabwereza ka 50 pa sekondi), ndiye funde likamabwereza ma millisecond 20 aliwonse dziwani kuti zikuchokera ku mawaya a magetsi, koma mukaona timinga tothinana pa kamzereko kaikirani inverter kapena timatchaja totchipa tapamsewu tija, zimitsani chimodzichimodzi mpaka wolakwa apezeke. Kawaya ka ground pa probe (chingwe choyezera cha oscilloscope) kakhale kakafupi, mawaya a sensa apoteni awiriawiri ndipo asayende limodzi ndi chingwe cha magetsi. Zida zonse pa extension imodzi ya earth yabwino. Earth pin ija (kachitsulo kachitatu ka pa pulagi) osaichotsa chonde, magetsi angakugwireni.