Mizere ndi timabokosi pa sikirini: vuto linali graphics card

Sikirini ikayamba kuonetsa mizere yobiriwira ndi timabokosi tothwanima, musathamangire kugula monitor ina. Zitachitika pa kompyuta yanga, ndinayesa chingwe china cha HDMI, koma mizere inalipobe. Nditalumikiza monitor ku motherboard (bolodi lalikulu la kompyuta) m'malo mwa ku graphics card (khadi lotumiza zithunzi ku sikirini), chithunzi chinayera, ndiye vuto linali khadilo.

Pulogalamu ya GPU-Z, yoonetsa momwe khadi likugwirira ntchito, inaonetsa kuti latentha kufika madigiri 95. Fumbi la Lusaka linali litatseka heatsink (chitsulo choziziritsa khadi), thermal paste (phala lopititsa kutentha ku heatsink) itauma gwa. Ndinazula magetsi, kuchotsa khadi, kupemerera fumbi nditagwira fani kuti isazungulire, kupukuta paste yakale ndi spirit ya isopropyl, n'kuika yatsopano, kadontho kakang'ono ngati nsawawa. Kutentha kunatsika kufika pa 72. Timabokosi totsala tinatha nditatsitsa memory clock (liwiro la memory ya khadi) ndi 200 MHz mu pulogalamu ya MSI Afterburner.

Mizere ikamaoneka ngakhale mu BIOS (pulogalamu yoyamba kugwira ntchito kompyuta ikangoyatsidwa), madalaivala (mapulogalamu oyendetsa khadi) alibe mlandu. Kawirikawiri VRAM (memory ya khadi) imakhala yawonongeka, ndipo pamafunika khadi lina.