Kusankha mpando wa booster: yang'anani mmene lamba akumukhalira mwana

Lamba wa m'galimoto anapangira munthu wamkulu. Mwana wa zaka zisanu akaumanga ali pampando wamba, wapaphewa umamudutsa pakhosi, wam'chiuno n'kukwera pamimba. Galimoto ikagunda, mwanayo amatsetsereka kunsi kwa lamba, lambayo n'kumufinya matumbo. Ntchito ya booster ndi imodzi basi: kumukweza mwana kuti lamba agwire mafupa.

Musafulumire kumusamutsa pampando wa ana aang'ono wokhala ndi malamba akeake. Dikirani afike makilogalamu 15 ndi masentimita 100, komanso akhale woti angathe kukhala phe ulendo wonse osavula lamba.

Pogula, tembenuzani mpandowo mupeze kachizindikiro ka mtundu wa lalanje kokhala ndi chilembo E m'kabwalo, kosonyeza kuti mpandowo unayesedwa n'kuvomerezedwa. Wolembedwa R44/04 umayendera kulemera, makilogalamu 15 mpaka 36. Wa R129 umayendera msinkhu, masentimita 100 mpaka 150.

Mitundu yake ndi iwiri. Wina ndi kakhushoni chabe, wotchipa ndi wosavuta kunyamula, koma suteteza mutu galimoto ikagundidwa cham'mbali, ndipo mwana akagona amapendekeka n'kuchoka m'lamba. Wokhala ndi chotsamira uli ndi mapiko m'mbali mwa mutu komanso kangowe koongolera lamba paphewa. Tengani umenewu. Ku Britain, kuyambira 2017, makhushoni atsopano amaloledwa kwa ana okhawo opitirira masentimita 125 ndi makilogalamu 22.

Tsono uyeseni m'galimoto yanu yomwe, mwana ali pomwepo. Lamba wam'munsi agone pamwamba pa ntchafu, wokhudza mafupa a m'chiuno, ndipo adutse pansi pa timikono ta mpando. Wam'mwamba adutse pakati pa phewa ndi pachifuwa, osati kukhwapa kapena kumbuyo, kumene ana amakonda kuukankhira ukamawakanda. Kwezani chotsamira mutu mpaka kangowe kakhale pamwamba pang'ono pa phewa, pafupifupi zala ziwiri. Jekete yokhuthala ya nyengo yozizira muvuleni kaye, chifukwa imasiya mpata pakati pa lamba ndi thupi.

Magalimoto ena akale ochokera ku Japan ali ndi lamba wam'chiuno yekha pampando wapakati kumbuyo. Pamenepo booster musaikepo, muike chakuzenera. ISOFIX (tizitsulo ta pampando wa galimoto tokolekapo mpando wa mwana) ikakhalapo imagwira mpando wokha, mwana amamangidwabe ndi lamba. Ngati palibe, mpando muziumanga ngakhale mulibe mwana, ungakumenyeni m'mutu mukaponda buleki mwadzidzidzi.

Wapakaunjika ndi wokayikitsa: simudziwa ngati unachitapo ngozi, ndipo mng'alu wam'kati suoneka ukakutidwa ndi nsalu.

Lamulo la ku Britain limafuna mpando mpaka zaka 12 kapena masentimita 135, chimene chayamba kukwana. Musanauchotse, mukhazikeni pampando wamba, msana utatsamira bwino. Ngati mawondo sakupindika m'mphepete mwa mpando kapena lamba akukhudzabe khosi, bwezeranipo booster.